Phunziro 27: Kumata Cubu ca Njinga Yamoto

Mzinda wa Livingstone uli kummwera kwa dziko lathu la Zambia, pa mtunda wa makilomita ngati 10 kucokera ku mathithi akulu a mtsinje wa Zambezi, amene eni dziko amawacha Mosi-oa-Tunya, ndiko kunena kuti utsi wogunda. Mzindawu unayamba kukula m'caka ca 1905, pamene anatsiriza kumanga ulalo wa njanji pafupi ndi mathithiwo, ndipo kuyambira 1911 kufikira 1935 unali likulu la Northern Rhodesia, boma lisanasamukire ku Lusaka. Miseu ikuluikulu yotuluka mumzindamu inathiridwa phula. Wina umapita ku Zimba ndi ku Choma mpaka ku Lusaka, ndipo wina, wochedwa Nakatindi, umapita ku Kazungula ndi ku Sesheke.

Koma anthu ambiri sakhala m'mphepete mwa miseu ya phula. Wofuna kufika kumidzi ya kwa Mfumu Mukuni, kwa Musokotwane kapena kwa Sekute ayenera kupatuka pa mseu waukulu ndi kulowa m'njira za mcenga, za miyala ndi za minga. M'njira zotere njinga yamoto, imene ena amaicha thuthuthu, imathandiza koposa. Anchito a zaumoyo amaikwera ponyamula katemera wa ana ndi magazi okapimitsa kucipatala cacikulu. Alangizi a zaulimi, madokotala a ziweto, oyendera masukulu ndi abusa a mipingo nawonso amaidalira.

Tiyerekeze tsono kuti wanchito wa zaumoyo wanyamuka m'mamawa ndi bokosi la katemera, ndipo ali pakati pa chire tayala laphwa. Katemera amafuna kuzizira, ndipo madzi oumitsidwa a m'bokosimo sayembekeza munthu. M'mwezi wa Okutobala dzuwa la ku Livingstone limatentha nthawi zina kupitirira madigiri 35. Akacedwa, mankhwala aonongeka, ndipo amai amene ayenda mtunda wautali ndi ana kumbuyo abwerera cabe. Taonani kukula kwa mlandu wa kabowo kakang'ono konga diso la singano!

Cifukwa ca ici, m'phunziro lino tiphunzira kakonzedwe ka cubu cobooka kapena cong'ambika. Cacikulu coti tigwire ndi ici: mmisiri weniweni, asanamate cigamba, amayamba wafunsa kuti, "Kodi cang'amba cubu ici n'ciani?" Balalo limamuyankha ngati adziwa kuliwerenga. Paja akulu anati safunsa anadya phula.

GUDUMU NDI ZIWALO ZAKE

Njinga zamoto zopangidwira njira zoipa, monga Yamaha AG200 ndi Honda XL125, ziri ndi magudumu akulu. Pa njinga zambiri za mtundu uwu gudumu lakutsogolo ndi la mainchi 21, ndipo lakumbuyo ndi la mainchi 18. Magudumuwa ali ndi masipoko monga a njinga yopalasa, pakuti gudumu la masipoko limavomera pang'ono likagunda mwala, osasweka msanga. Koma sipoko iri yonse imalowa m'limu kudzera pa bowo lake, ndipo mpweya ukadathawira m'mabowo amenewa. N'cifukwa cake njinga zotere zimafuna cubu.

Limu ndilo mkombero wacitsulo umene tayala limakhalapo. Pakati pake pali ngalande yozama yozungulira gudumu lonse, m'mene mitu ya masipoko imatulukira. Pamwamba pa mituyo amakulungapo lamba wa mphira kuti isakande cubu. Tayala ndilo cikopa ca kunja cimene cimaponda pansi, ndipo milomo yake iwiri ndi yolimba cifukwa m'kati mwake muli waya. Cubu ndico thumba lofewa losunga mpweya. Khomo la mpweyawo ndi valavu, imene imatulukira pa bowo la m'limu. M'kati mwa valavu muli kamtima kakang'ono kolola mpweya kulowa koma osatuluka.

Wokwera, katundu wake ndi njinga yomwe, zonsezi zimanyamulidwa ndi mpweya wa m'thumba limeneli.

KUMENE MPHIRA UNACOKERA

Mphira umacokera ku utomoni woyera wa mtengo wina umene kwao ndi ku nkhalango za Amazon, m'dziko la Brazil. M'caka ca 1876 Mngelezi wina, Henry Wickham, anatenga mbeu za mtengowu zokwana ngati 70,000 napita nazo ku minda ya Kew ku London, ndipo kucokera kumeneko mitengo inakabzalidwa ku maiko a ku Asia. Kwa anansi athu a ku Malawi mitengoyi imalimidwa ku Vizara, pafupi ndi Nkhata Bay.

Utomoni wauwisi sungapange tayala, pakuti kukatentha umanata, ndipo kukazizira umauma gwa. M'caka ca 1839 Charles Goodyear wa ku America anapeza kuti mphira ukasakanizidwa ndi sulufule nuocedwa pamoto, umalimba ndi kutamuka bwino pa nyengo iri yonse. Kumbukirani mfundo imeneyi, cifukwa tidzakumana nayonso pomata cigamba.

Tayala la mpweya linayamba kuganiziridwa ndi Robert William Thomson wa ku Scotland m'caka ca 1845, koma anthu a nthawi imeneyo sanalisamale. Patapita zaka zoposa 40, John Boyd Dunlop, dokotala wa ziweto amene anali kukhala ku Belfast, anapangira mwana wake matayala a mpweya pa kanjinga ka magudumu atatu, nalembetsa luso lakelo ku boma m'caka ca 1888. Matayala oyambawo anali omatiridwa ku limu, kotero kuti kukonza bowo kunali kutenga nthawi yaitali. Tsono m'caka ca 1891 abale awiri a ku France, André ndi Édouard Michelin, anatulutsa tayala lotha kucotsedwa ndi kubwezeredwa. Kuyambira pomwepo wapaulendo anatha kudzikonzera yekha m'mbali mwa njira.

Macubu a masiku ano ali a mitundu iwiri. Ena ndi a mphira wa mtengo. Awa sang'ambika msanga, makamaka akakhala okhuthala, koma mpweya umathawamo pang'onopang'ono ngakhale palibe bowo. Ena ndi a mphira wopangidwa kucokera ku mafuta a pansi, wochedwa butyl, umene William Sparks ndi Robert Thomas anatulukira ku America m'caka ca 1937. Awa amasunga mpweya masiku ambiri.

MABALA ASANU A CUBU

Monga mlenje amazindikira nyama poona mapazi ake, mmisiri amazindikira mdani wa cubu poona maonekedwe a bala ndi malo amene liri.

Bala loyamba ndi kabowo kamodzi kumsana kwa cubu, ndiko mbali yoyang'ana pansi. Mwini wake ndi munga, msomali kapena kawaya. Kawirikawiri mdaniyu amatsala wobisala m'tayala, ndipo wina akamata cubu osamuzula, adzaboolanso njinga isanapite patali.

Bala laciwiri ndi timing'alu tiwiri toyandikana, tonga pamene njoka yaluma. Iti timadza pamene tayala la mpweya wocepa ligunda mwala mwamphamvu, cubu nicipanidwa pakati pa mwalawo ndi milomo ya limu. Bala ili n'lofala kuno cifukwa ca nthaka yathu. Malo ambiri ozungulira Livingstone ali ndi mcenga wakuya, ndipo okwera amakonda kucepetsa mpweya kuti tayala liphwatalale, lisatitimire. Koma kufupi ndi zigwa za Batoka, kumunsi kwa mathithi, kuli miyala yakuda yolimba. Munthu wocoka pamcenga nalowa pamiyala osaonjezera mpweya waitana yekha njoka imeneyi.

Bala lacitatu limakhala kumimba kwa cubu, mbali yoyang'ana masipoko. Ili limatiuza kuti lamba wa m'limu waduka kapena wasuntha, kapena kuti sipoko ina yatulukira kwambiri, kapenanso kuti limu lacita dzimbiri.

Bala lacinai ndi kung'ambika patsinde pa valavu. Mpweya ukacepa, tayala siligwira limu zolimba. Tsono wokwera akanyamuka mwamphamvu kapena akagwira mabuleki, tayala limatsetsereka pang'ono pa limu ndi kukoka cubu, pamene valavu yakodwa m'bowo lake. Tsiku ndi tsiku valavu imapendekeka, mpaka tsiku lina izuka. Valavu yopendekeka ndi cenjezo. Njinga zina ziri ndi kacitsulo kopanira mlomo wa tayala ku limu kuti kaletse vuto limeneli.

Bala lacisanu mwini wake ndi mmisiri yemwe. Ndi kamng'alu kakafupi ca m'mbali mwa cubu, kamene kamadza pamene citsulo cokanulira tayala catsina cubu pocilowetsa. Tayala likaphwa litangokonzedwa kumene, kawirikawiri cifukwa cake n'comweci.

ZIDA ZA PAULENDO

Phukusi la moyo sakusungira ndi mnzako. Wokwera wanzeru sacoka pakhomo wopanda zida izi: masipanala okwana pa manati a magudumu, zitsulo ziwiri kapena zitatu zophwatalala zokanulira tayala, kacitsulo komasulira mtima wa valavu, pampu, zigamba zazikulu ndi zazing'ono, solushoni, sandipepa, lumo, coko, kansalu koyera, kacidutswa ka sopo, botolo la madzi, ndi cubu catsopano. Wosatha kunyamula macubu awiri anyamule ca mainchi 21, pakuti pa tsoka cingalowe ngakhale m'gudumu lakumbuyo ndi kumfikitsa munthu kumudzi, koma cacing'ono sicingakwane kutsogolo. Solushoni ayenera kuiyang'ana kawirikawiri, cifukwa ikatsegulidwa kamodzi imauma m'kabotolo mwake.

TAYALA LIKAPHWA

Tayala likaphwa paulendo, njinga imayamba kulemera ndi kupepeluka. Pamenepo wokwera asagwire mabuleki mwadzidzidzi, cifukwa angagwe. Agwire zogwirira zolimba, acepetse moto pang'onopang'ono, ndi kuima pambali. Asayese kupitiriza ulendo pa tayala lakuphwa, pakuti limu lidzatafuna cubu, ndipo kabowo kamene kakadamatika kadzasanduka cibala cosakonzeka.

Asankhe malo a mthunzi, a nthaka yolimba, oonekera patali. M'cilimwe njovu zimayendayenda pafupi ndi Livingstone, makamaka madzulo, kotero si bwino kukhala pansi m'thengo lowirira. Akweze njinga pa mwala kapena pa cipika kuti gudumu lilendewere, ayale thumba pansi, ndipo manati ndi tizitsulo tonse tocoka pa gudumu atiike pa thumbalo motsatana monga tacokera. Mcenga ukalowa pakati pa gudumu umadya zitsulo.

Gudumu litacoka, amasule mtima wa valavu kuti mpweya wotsala utuluke wonse, ndi kucotsa kanati ka pa valavu. Kenaka aponde m'mbali mwa tayala ndi cidendene kuzungulira, kufikira mlomo wake utalekana ndi limu. Apa pali cinsinsi cimene ambiri sacidziwa. Mlomo wa tayala sutamuka, cifukwa uli ndi waya. Umatuluka kokha ngati mbali ina yatsikira m'ngalande ya pakati pa limu. Cotero agwade pa tayala mbali yotalikana ndi valavu kuti mlomo ulowe m'ngalandemo, ndipo ayambe kukanula pafupi ndi valavu, pang'onopang'ono, osalowetsa citsulo mwakuya. Akaona kuti pakufunika mphamvu zambiri, adziwe kuti mlomo watuluka m'ngalande, aleke, aubwezeremo. Mlomo umodzi ukatuluka wonse, asolole cubu ndi manja.

Asanaiwale, alembe ndi coko pa tayala malo amene panali valavu ndi mbali imene cubu cinayang'ana.

KUFUNA BALA NDI MWINI WAKE

Abwezere mtima wa valavu ndi kupopa cubu pang'ono. Bowo lalikulu limamveka ndi makutu. Laling'ono limamveka pa tsaya kapena pa milomo ya munthu, poyendetsa cubu pafupi ndi nkhope. Pakakhala madzi okwanira, amize cubu cigawo ndi cigawo, ndipo pamene patuluka thovu ndipo pali bowo. Azungulize malowo ndi coko, koma asalekere pomwepo. Ayendere cubu conse, cifukwa mabowo angakhale awiri kapena atatu.

Tsono agoneke cubu pamwamba pa tayala, valavu pa cizindikiro ca coko cija. Bala lidzaloza malo enieni a m'tayala kapena a pa limu pamene mdani ali. Ayendetse kansalu m'kati mwa tayala lonse. Pamene nsalu ikodwa, pali munga. Kufufuza ndi cala cokha n'koopsa, pakuti waya angamceke. Munga auzule, mcenga wa m'tayala aukhuthule, lamba wa m'limu auongole, ndipo sipoko yotulukira aipale.

KUMATA CIGAMBA

Nazi njira zake motsatana:

1. Atulutse mpweya wonse ndi kupukuta cubu kuti ciume ndithu.

2. Ngati bala ndi mng'alu, adule ndi lumo nsonga zake ziwiri kuti zikhale zozungulira. Mng'alu wa nsonga zosongoka umapitirira kung'ambika pansi pa cigamba, monga nsalu yoyamba kung'ambika pa mpendero. Nsonga yozungulira imaimitsa ulendo wake.

3. Asankhe cigamba copitirira bala ndi masentimita ngati 2 mbali zonse. Timabala tiwiri ta njoka tikhale pansi pa cigamba cimodzi cacikulu.

4. Apale cubu ndi sandipepa pa malo okulirapo kuposa cigamba, kufikira kunyezimira konse kutatha. Pakhungu pa cubu pamakhala mafuta a ku fakitale ndi litsiro, ndipo izi zimakaniza cigamba kugwira. Akapala, asakhudzeponso ndi cala.

5. Apake solushoni pang'ono, mopyapyala, pa malo onse opalidwa.

6. Ayembekeze mphindi ngati 5, kufikira solushoni italeka kunyezimira ndi kunyowa.

7. Acotse kapepala konyezimira ka pansi pa cigamba, osakhudza mbali yomata, ndi kuika pakati pa cigamba pa bala penipeni.

8. Akanikize zolimba kuyambira pakati kupita m'mphepete, akugudubuza cogwirira ca sipanala pamwamba pake, cubu ciri pa cinthu cosalala ndi colimba, kuti pasatsale mpweya pansi pa cigamba.

9. Apope pang'ono ndi kuyesanso m'madzi.

Njira yacisanu ndi cimodzi ndiyo imagonjetsa anthu ambiri. Munthu wofulumira amaganiza kuti solushoni yonyowa ndiyo imata bwino, monga ulimbo wa mbalame. Koma solushoni ndi mphira wosungunulidwa m'madzi ena ouluka msanga, pamodzi ndi mankhwala opsetsa mphira. Pansi pa cigamba pali mphira wofewa wosapsa. Ziwirizi zikakumana, mankhwala aja amacita popanda moto nchito yonga imene Goodyear anacita ndi moto, ndipo cigamba cimalumikizika ndi cubu. Madzi ouluka aja akatsekeredwa pansi pa cigamba asanacoke, kulumikizikako sikucitika bwino. Cigamba cimaoneka ngati cagwira, koma tayala likatentha masana cimamatuka. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Amisiri ena a m'mbali mwa miseu amamata ndi moto weniweni. Amaika mphira wosapsa pa bala, naupana ndi citsulo cotentha kufikira utapsa. Njira iyi imagwira zolimba m'manja mwa wodziwa, koma moto ukapyola muyeso cubu cimapserera ndi kufooka.

Cenjerani, ana inu: solushoni imayaka msanga ngati petulo, ndipo fungo lake limaononga thupi. Isayandikire moto kapena fodya, ndipo igwiritsidwe nchito pabwalo, popita mphepo.

KUBWEZERA CUBU

Nchito yabwino ingaonongeke pa mphindi yomaliza. Mmisiri awaze pauda pang'ono pa cubu, ngati alipo, kuti cisamatirire ku tayala. Acipope pang'ono cabe kuti ciime cozungulira, pakuti cubu cophwatalala cimapindika ndi kutsinidwa. Alowetse valavu m'bowo lake coyamba, amange kanati kake mapindi awiri kapena atatu, ndi kulowetsa cubu conse mosapotoka.

Apake madzi a sopo pa mlomo wa tayala. Mafuta a injini kapena girizi asapake, cifukwa amaononga mphira, ndiponso amacititsa tayala kutsetsereka pa limu. Ayambe kulowetsa mlomo mbali yotalikana ndi valavu, ndi manja ndi maondo, akusunga mbali yolowa kale m'ngalande. Zitsulo azigwiritse nchito pa cigawo cotsiriza cokha, akutenga pang'onopang'ono. Pofika pa valavu aikankhire m'kati pang'ono kuti tsinde lake lisapanidwe ndi mlomo wa tayala.

Akapopa, ayang'ane kamzere kamene kali m'mbali mwa tayala. Kayenera kuoneka mofanana kuzungulira limu lonse, mbali zonse ziwiri. Valavu iime ciriri. Kanati kake asakamangitse ku limu, kuti tayala likayamba kutsetsereka valavu ipendekeke ndi kumcenjeza isanazuke. Apake malovu pakamwa pa valavu. Akacita thovu, mtima wake sunakhale bwino. Atseke ndi kacisoti kake kuti fumbi lisalowe. Muyeso wa mpweya woyenera unalembedwa m'buku la njinga, ndipo pa njinga zambiri ulinso pa kapepala komatidwa pafupi ndi cheni.

Potsiriza abwezere gudumu, amange nati yaikulu zolimba pamodzi ndi pini yake, aone kuti cheni sinathine kapena kulendewera kwambiri, ndi kuyesa mabuleki asanakwere.

CUBU COSAYENERA KUMATA

Nzeru ina ya mmisiri ndiyo kudziwa polekera. Macubu awa sayenera kumatidwa: cong'ambika patsinde pa valavu, cophulika, cokhala ndi bala la mbali zonyenyeka, ca mng'alu wautali woposa cigamba cacikulu, cokalamba, cimene cimaonetsa timing'alu tambirimbiri cikatamulidwa, ndi cimene bala lake latsopano lagundana ndi cigamba cakale. Cigamba pamwamba pa cigamba sicigwira.

Kunena zoona, pa njinga yamoto ngakhale cigamba cabwino nchito yake ndiyo kumfikitsa munthu kumene angapeze cubu catsopano, makamaka ngati ndi ca kutsogolo. Galimoto likaphwa tayala limodzi limatsala ndi atatu. Njinga yamoto ikaphwa lakutsogolo iri pa liwiro, wokwera satha kuiongolera, ndipo amagwa. Ndalama za cubu catsopano n'zocepa poyerekeza ndi mwendo wothyoka. N'cifukwa cakenso wokwera ndi wokwezedwa ayenera kuvala cisoti colimba pa ulendo uli wonse.

Cubu cakutha sicitayidwa. Cimadulidwa malamba aataliatali amene timawacha malegeni, omangira katundu pa njinga. Koma kucitentha n'kosayenera, pakuti utsi wake ndi woipa m'cifuwa, ndipo tayala lakale lisasiyidwe pabwalo nthawi ya dzinja, cifukwa madzi a m'menemo amaswetsa udzudzu.

KUSAMALA KWA M'MAWA ULI WONSE

Ca kumapeto kwa zaka za m'ma 1980, Barry Coleman ndi mkazi wake Andrea Coleman, a ku Britain, pamodzi ndi Randy Mamola, katswiri wa mpikisano wa njinga zamoto wa ku America, anaona kuti m'maiko ena a mu Africa njinga ndi magalimoto a zaumoyo zinali kufa zikali zatsopano cifukwa cosowa cisamaliro. Anayambitsa bungwe lochedwa Riders for Health, limene linadzagwira nchito ku Lesotho, ku Gambia, ku Zimbabwe, ku Malawi ndi kuno ku Zambia. Ciphunzitso cao cacikulu cinali cakuti wokwera aziyendera njinga yake m'mawa uli wonse asananyamuke: petulo, mafuta, cheni, manati, mabuleki ndi matayala.

Tikayang'ananso mabala asanu aja, tiona kuti ciphunzitso ici n'coona. Laciwiri ndi lacinai amadza ndi mpweya wocepa. Lacitatu limadza ndi limu losasamalidwa. Lacisanu limadza ndi phuma. Ngakhale munga, umene palibe angauletse kugwa m'njira, nthawi zambiri umayamba wakhala m'tayala usanafike pa cubu, ndipo woyang'ana matayala ake angauzule usanaboole. Mpweya uyesedwe m'mawa tayala likali lozizira, pakuti likatentha muyeso umakwera ndi kunamiza munthu.

Inu simunafike pa msinkhu wokwera njinga yamoto, koma cubu ca njinga yopalasa cimamatidwa mwa njira yomweyi. Yambani pamenepo. Phunzirani kufunsa bala, kupala bwino, kuyembekeza solushoni, ndi kukana cubu cakutha. Ena a inu mudzakhala anamwino, ena alangizi, ena amakaniko, ndipo tsiku lina mudzi wathunthu udzayembekeza bokosi limene liri pambuyo pa njinga yanu.

MAFUNSO

1. N'cifukwa ciani njinga zamoto za masipoko zimafuna cubu?
2. Kodi Charles Goodyear anapeza ciani m'caka ca 1839? Nanga abale a Michelin anathandiza bwanji apaulendo?
3. Chulani mabala asanu a cubu, ndipo nenani mwini wa bala liri lonse.
4. Fotokozani m'mene mcenga ndi miyala ya kufupi ndi Livingstone zimasautsira wokwera njinga yamoto.
5. Kodi ngalande ya pakati pa limu imathandiza ciani pocotsa tayala?
6. N'cifukwa ciani mmisiri amadula nsonga za mng'alu kuti zikhale zozungulira?
7. Cingacitike n'ciani munthu akamata cigamba solushoni ikali yonyowa?
8. Chulani macubu anai osayenera kumatidwa.
9. Masulirani mwambi uwu ndi mau anu: "Phukusi la moyo sakusungira ndi mnzako."

ZOCITA

1. Jambulani gudumu m'makope anu, ndipo lembani maina a ziwalo izi: tayala, cubu, limu, lamba, sipoko, valavu.
2. Bwerani ndi cubu cakale ca njinga yopalasa. Mothandizidwa ndi aphunzitsi, matani zigamba ziwiri panja pa kalasi: cina solushoni ikali yonyowa, cina itauma. M'mawa mwake yesani kuzimatula, ndipo lembani zimene mwaona.
3. Pitani ndi aphunzitsi anu kwa mmisiri wokonza matayala wa kufupi ndi sukulu yanu. Mpatseni moni mwaulemu, ndipo mfunseni kuti pa mabala asanu aja ndi liti limene amaliona kawirikawiri.